Masiku a Belu ndi Makalata

Ana anga, ndi inu anzanga amene imvi zatimera limodzi, ndikamva mwana wa masiku ano akunena mopepuka kuti akupita ku sukulu ku Nguludi, akwera m'mawa ndipo dzuwa likamalowa akhala atafika, ndimangopukusa mutu, pakuti kwa ife amene tinakulira ku Chisemphere m'zaka za m'ma 1970 kumeneko kunali kumalekezero a dziko. Munthu ankatsanzika mudzi wonse, khomo ndi khomo, azakhali n'kukazinga mtedza, agogo n'kumasula kandalama kamene kanagonera pamfundo ya nsalu, amalume n'kukukhazika pansi pa mtengo wa mango kuti akuuze za mbala za pa depoti ya Limbe ndi za akazi a kumwera. Malangizo a amalume ankatalika ndithu, koma tinkamvera tili zyoli, podziwa kuti mawu a akulu akoma akagonera.

Nthawi imeneyo dera lathu linali kusanduka la maesiteti. Misuku ndi mitengo ina ya m'tchire inkagwa kuti pakhale minda ya fodya, mabani ankafuka usana ndi usiku, ndipo mayina a Press Farming ndi Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority ankatchulidwa ngakhale ndi ana osavala. Mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale pamunda pake mpaka mu 1990, choncho ambiri ankakagwira utenanti kapena ganyu, n'kumagulitsa mtedza ndi chimanga chawo ku ADMARC. Njira ya ku migodi ya ku Joni, imene inadyetsa abambo athu, inatsekeka mu 1974 ndege yonyamula anthu a Wenela itagwa ku Francistown. Mnyamata amene wakhoza JC akanalowera kuti? Ukalaliki wa pa esiteti unalipo, koma ulemu weniweni unali pa uphunzitsi. Aphunzitsi ndiwo ankawerengera anthu makalata, ndiwo anali ndi njinga ndi wailesi, ndipo pamaliro ankapatsidwa mpando pamene ena akukhala pansi.

Ife Akatolika a kuno tinkapemphera pansi pa parishi ya Nkhamenya, mu dayosizi ya Mzuzu, masiku a Ambuye Jobidon. Bambo mfumu ndiwo anandilembera kalata ya umboni, atandifunsa kaye ngati makolo anga anapereka mtulo ndiponso ngati ndinkaonekera pa Misa nthawi ya tchuthi. Ndinanyamula kalatayo pamodzi ndi bokosi lachitsulo, bulangete, mbale ya malata ndi korona amene mayi anandikoloweka m'khosi, n'kukwera basi ya UTM. Inali kuima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, nkhuku zili pansi pa mipando, matumba a ufa pamwamba. Kasungu, Mponela, Lilongwe imene inali itangokhala likulu mu 1975, kenako kuzizira kwa Dedza, Ntcheu, Balaka, mlatho wa Liwonde, phiri la Zomba, ndipo pofika ku Limbe miyendo inali itatupa ndipo chiponde cha azakhali chinali chitatha kale pogawana ndi anthu osawadziwa n'komwe.

Koleji ya aphunzitsi ya Montfort inali m'manja mwa abulazala a chipani cha FIC, amene anachokera ku Holland, anthu a nkhope zofiira ndi mawu ochepa, okonda nthawi koposa china chilichonse. Pafupi panali mishoni yakale ya Nguludi, imene akuluakulu a kumeneko ankasimbabe za kutenthedwa kwake pa nkhondo ya Chilembwe mu 1915, panalinso chipatala cha St Joseph's ndi sukulu ya ana osamva ya Mary View. Anzathu ena ankayankhula Chilomwe, ena Chiyao, ena Chisena, ndipo ife a kumpoto kwa Kasungu, amene pamsika pathu Chichewa ndi Chitumbuka zimadyera mbale imodzi, ankatiseka kayankhulidwe mpaka tinazolowerana. Maphunziro anali a zaka ziwiri. Wa JC ankatuluka ndi T3, wa MSCE ndi T2, koma pa mzere wa nsima panalibe wamkulu.

Moyo wonse unkayenda ndi belu. Belu lodzutsa kusanache, pamene udzu uli ndi mame ndipo madzi a pampopi akuluma zala. Belu la Misa. Belu la phala. Belu la m'kalasi. Belu la masana la pemphero la Angelusi, limene likalira aliyense ankaima pomwe ali, kaya wanyamula khasu kaya ali pakati pa nthabwala. Ndikatseka maso ndimamvabe fungo la m'tchalitchi muja m'mawa, la makandulo ongozimitsidwa kumene, la lubani wa dzulo amene wakanirira m'matabwa a mabenchi, kusakanikirana ndi la sopo wa Lifebuoy ndi polishi wa Kiwi wa anyamata amene akufuna kuoneka aphunzitsi asanakhale aphunzitsi. Kunyumba yodyera kunali mgaiwa ndi nyemba, mawa lake nyemba ndi mgaiwa, kabichi akaoneka n'chikondwerero, nyama ikabwera munthu ankasunga nthuli yake mpaka mbamu yomaliza. Tinkadandaula monga adandaulira ana a sukulu kulikonse, koma walira mvula walira matope, uphunzitsiwo tinaufuna tokha.

Abulazala anatiphunzitsa kulemba pabolodi mzere wowongoka popanda rula, kuima pamene mwana aliyense akuona nkhope yako, kukonza sikimu ndi lesoni pulani usiku panyali, kupanga zophunzitsira ndi zitsekerero za mabotolo, dongo ndi mapesi. Mmodzi wa iwo, wamtali wovala nsapato zamalamba chaka chonse, ankayenda kumbuyo kwa kalasi pamene ukuyesera kuphunzitsa, osanena kanthu, n'kungolemba m'kabuku. Ukamaliza ankakufunsa dzina la mwana amene anakhala pakona osakweza dzanja. Ukalephera kulitchula, phunziro lako lonse lagwa. Kwa iye chikhulupiriro ndi ntchito sizinkasiyana, ndipo mphunzitsi wofika mochedwa m'kalasi anali ndi nkhani yokanena kolapa.

Zinalinso zaka zokoma kukhala Mkatolika wachinyamata. Chilatini chinali chitangochoka paguwa, ng'oma ndi zisekese zinali zitalowa m'tchalitchi, ndipo okalamba ena ankaonabe zachilendo kuti Mulungu akuimbiridwa ndi manja ndi nthungululu. Ku Lilongwe Ambuye Patrick Kalilombe anali atachititsa sinodi ya 1973 mpaka 1975 imene inabala miphakati, ku Blantyre kunali Ambuye James Chiona, ndipo ife a YCS tinkakhala pansi pa mtengo Lamulungu masana ndi Malembo Oyera ndi magazini ya Moni, kukambirana za moyo wathu mosamala, pakuti masiku amenewo makoma anali ndi makutu. Mwezi wa May ndi wa October korona ankamveka m'magonedwe monse. Lenti ikafika, Njira ya Mtanda Lachisanu maondo ali pa simenti yozizira, ndipo Loweruka mzere wa kolapa unkatalika, makamaka sabata imene kwabwera makalata.

Eya, makalata. Tsopano ndafika pamene adzukulu anga amafuna kuti ndiyambire.

Lamulungu pa Misa yaikulu ya ku mishoni pankabwera atsikana ophunzira unamwino, atavala zoyera, ndipo anzanga ena ankasita malaya ndi simbi yamakala kuyambira Loweruka, n'kudzola Vaseline mpaka chipumi kunyezimira. Amuna ankakhala mbali yawo, akazi mbali yawo, ndipo chibwenzi chonse cha sabata imeneyo chinali kuponyerana diso pobwera kolandira Ukaristiya ndi moni wa mawu awiri pabwalo la tchalitchi, akatekisti ali chapafupi. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkati siketi ibise maondo, mkazi asavale buluku, ndipo lamulo lina linkati tsitsi la mwamuna lisatalike, kotero munthu sankakopeka ndi zambiri zooneka. Unkayang'ana mayendedwe, kagwadidwe popereka moni kwa akulu, ndi mawu ake mu kwaya.

Koma ine mtima wanga unali utatsalira kwathu. ANaphiri, amene lero mumawatchula kuti agogo, ndinawaona koyamba pa kwaya ya Khirisimasi ku Nkhamenya, iwo ali pa sukulu ya atsikana ya pamishonipo. Tchuthi chimenecho ine ndinkagwira ganyu wopalira fodya pa esiteti ina kuti ndipeze ya sopo, manja ali bii ndi phula la masamba, ndipo ndinachita manyazi kuwapatsa dzanja. Mlongo wanga ndiye anandikumbutsa kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ndi iye yemwe ananyamula kakalata koyamba m'buku la nyimbo. Yankho silinabwere tchuthi chimenecho, ngakhale cha Pasaka. Mtsikana wolongosoka sankavomera msanga. Ankayamba wafufuza kuti kwanu n'kwa yani, amalume ako ndani, kodi kubanja kwanu kuli kuledzera kapena kumenya akazi. Mawu oti aganiza kaye ankatha miyezi, ndipo mnyamata ankaonda nawo.

Pambuyo pake iwo anasankhidwa kupita ku koleji ya aphunzitsi aakazi ya St Joseph's ku Bembeke, kuphiri kozizira kwa mbatata ya kachewere, kumene kunkakhala Ambuye Cornelius Chitsulo, wansembe woyamba ndiponso episkopi woyamba wa Chikatolika wobadwira m'dziko lino. Apa ndiye panali chiyeso. Basi yanga yopita kumwera inkadutsa pa mphambano yeniyeni yolowera ku Bembeke, ndipo ine ndinkasuzumira pawindo mpaka khosi kuwawa, kuona kamsewu kakukwera kumapiri, koma kutsika ayi. Ukanakanena kuti ndiwe yani pageti la asisitere? Chinatsala ndi positi basi.

Kalata ya chibwenzi inali ntchito ya sabata yathunthu. Unkayamba kuilemba papepala la m'kope, mnzako wodziwa Chingerezi n'kuikonza, wina n'kubwereka dikishonale kuti mupezemo mawu aatali oti mtsikana adziwe kuti sakuyankhula ndi munthu wamba. Kenako unkaikopera papepala labuluu ndi cholembera cha inki, dzanja likunjenjemera kuopa dontho. Mbiri inkamveka kuti m'masukulu a atsikana kalata zinkayamba zaona maso ena zisanafike kwa mwini wake. Choncho atsikana onse anali ndi alongo ambiri zedi, ndipo alongowo ankalemba mwaulemu wodabwitsa, kufunsa za maphunziro, kupereka moni wa amayi, kulonjeza mapemphero. Chikondi chinkabisala m'mawu wamba. Ukalemba kuti mvula yagwa bwino ku Chisemphere ndipo chimanga chamera, wowerengayo ankamva zonse zimene sunalembe. Ndinganene mosakayika kuti asisitere aja, mwina osadziwa, anatiphunzitsa kulemba bwino kuposa aphunzitsi a chiyankhulo, chifukwa munthu amene akudziwa kuti mawu ake awerengedwa ndi wamkulu amawayeza asanawatulutse.

Tsiku logawa makalata mtsogoleri wa ophunzira ankaima pakhomo la nyumba yodyera n'kumaitana mayina, ndipo woitanidwa ankaimbiridwa mluzu ndi holo yonse. Sunkatsegula pomwepo. Unkaiika m'thumba la malaya, kudya nsima osamva kukoma, n'kukaiwerengera kuseri kwa bwalo la mpira, kamodzi mothamanga, kachiwiri pang'onopang'ono, kachitatu kufunafuna chimene chabisika. Nthawi zina munkakhala kachithunzi ka ku situdiyo, mtsikana ataima pambali pa duwa lapulasitiki, nkhope ili duu. Nthawi zina kampango kopeta pamanja, kamene sikankapukutira thukuta ngakhale tsiku limodzi. Wolimba mtima ankatumiza moni pa wailesi ya MBC, ndipo mudzi wonse ukamva, azakhali ankayamba kufunsa mafunso.

Sikuti tonse zinatiyendera. Mnzanga wina wogona bedi loyandikana ndi langa anavutika chaka chathunthu pakati pa mtsikana wa kwawo ndi mayitanidwe a unsembe, kuonda osadwala, mpaka bambo wina wokalamba anamuuza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Analemba kalata yotsanzika misozi ili m'maso, pambuyo pake n'kulowera ku seminale ya Kachebere ku Mchinji, ndipo patapita zaka anabatiza mmodzi wa ana anga. Wina anakonda mwana wa mkulu wa mpingo wa CCAP, ndipo inu mukudziwa mmene mpingo umenewo unazikira mizu kuno ku Kasungu. Makolo a mbali zonse anakokana zaka ziwiri, uku akuti mwana wathu sangakagwadire mafano, uko akuti ana adzabatizidwa kuti, kufikira ankhoswe anatopa n'kuwalola. Ali limodzi mpaka lero, ndipo Lamulungu amasiyana pamphambano n'kukumananso pa nsima. Enanso ankalembera atsikana atatu nthawi imodzi, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: atsikana a sukulu zosiyana ankakumana pa tchuthi n'kuonetsana makalata, dzanja limodzi, mawu amodzimodzi.

Chimene chimandiwawa ndikakumbuka ndi cha atsikana amene anatenga pathupi. M'dziko lonse muno mtsikana wotero ankanyamula katundu m'mawa anzake asanadzuke, sukulu n'kuthera pomwepo, pamene mnyamata kawirikawiri ankapitiriza n'kudzakhala bwana wovala tayi. Boma linadzalola kuti otere azibwerera ku sukulu mu 1993, mochedwa kwa a msinkhu wathu. Ndikudziwa amayi anzeru zakuthwa amene akanakhala ahedi a sukulu, koma anakalambira kusankha fodya wa eni m'zigafa. Pamenepo masiku athu sanachite bwino, ndipo amene amati zakale zonse zinali zoyera aiwala nkhope zimenezo.

Ife tinamanga ukwati woyera ku Nkhamenya tonse titayamba ntchito. Zisanatero amalume anga anakagogoda kwa amalume awo, pakuti munthu sadzifunsira yekha mbeta kwa eni ake. Panachitika chinkhoswe, tambala ndi msoti n'kusinthana manja, khasu ndi nkhwangwa uku, lichero ndi mthiko uko. Kenako maphunziro a banja kwa akatekisti, ndi mayina athu kulengezedwa m'tchalitchi masabata atatu otsatizana kuti wodziwa chotchinga anene. Pa tsikulo panalibe holo yolipira kapena magalimoto a maliboni. Kunali ngolo, njinga, thobwa m'migolo, mbuzi ziwiri, mpunga wa alendo olemekezeka, ndi amayi a Legio ya Maria akuvina fumbi lili koboo. Suti ndinabwereka kwa ahedi anga, manja ake aatali pang'ono, ndipo pachithunzi zikuoneka. Mu May 1989, pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anabwera ku Malawi, tinakwera lole limodzi kupita ku Lilongwe, mwana kumsana, ndipo pa 8 March 1992 tinakhala m'tchalitchi, iwo mbali ya amayi ine ya abambo, kumvera kalata ya maepiskopi ija ikuwerengedwa, mitima ikugunda, tikuyang'anana monga tinkachitira kale.

Alimi a fodya wa m'mabani amadziwa kuti ukakweza moto tsamba lisanachite chikasu, limauma lili lobiriwira, ndipo ku okushoni silipeza mtengo ngakhale linali lalikulu chotani kumunda. Chibwenzi chathu chinali cha moto wapang'onopang'ono wotero. Kudikira kalata, kudikira tchuthi, kudikira amalume, kudikira kulengeza kwa m'tchalitchi, zonsezo zinkapatsa munthu nthawi yoti khalidwe lake lenileni lionekere, ndipo linkaonekera pamaso pa anthu ambiri: alongo, azakhali, akatekisti, a kwaya, ngakhale wogulitsa masitampa pa positi ofesi ya Nkhamenya. Tinkaona ngati akutilonda, komatu anthu omwewo ndi amene ankathamanga banja likagwedezeka, chifukwa analiona likumera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lero koleji yathu ija inasanduka Catholic University of Malawi, imene inatsegulidwa mu 2006, ndipo anyamata ndi atsikana amaphunzira limodzi zamalamulo, zachuma ndi zina zimene ife sitinkazilota. Ndimakondwera nazo, makamaka poona ana aakazi akuvala magauni. St Joseph's ikadali ku Bembeke, ikuphunzitsabe aphunzitsi. Kuno maesiteti ambiri anagwa, fodya amalimidwa ndi aliyense ndipo amakagulitsidwa pafupi pompa ku Chinkhoma, mitengo ya m'tchire inatha, ndipo ife okalamba timapemphera korona motsatira Radio Maria. Adzukulu anga amalemberana pa WhatsApp usiku wonse, mawu ochuluka pa tsiku limodzi kuposa amene ine ndinalemba zaka zonse za ku koleji, ndipo yankho likachedwa pang'ono nkhope imagwa. Sindikuti chikondi chawo n'chabodza, mtima wa munthu sunasinthe. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti chimakulira m'thumba, m'kafoni kokhoma ndi nambala yachinsinsi, kopanda mlongo, kopanda azakhali, ndipo ife timadzamva zinthu zitafika kale pa mimba kapena pa misozi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, nanga adzakuuza ndani ngati palibe amene wauona mkuyuwo?

Sindikupempha kuti mubwerere ku inki ndi masitampa, ngakhale positi ofesi yake mwina simukuidziwa khomo. Koma iwe mdzukulu wanga amene uli ku Nguludi, ndi inu nonse a msinkhu wake, ndamva kuti alipo amene amakuimbira foni mpaka usiku. Tchuthi cha Khirisimasi chikubwerachi ubwere naye kuno ku Chisemphere, adzadye nsima ya agogo ako, adzapereke moni kwa amalume ako, ndipo Lamulungu tidzapite naye ku Misa ku Nkhamenya kuti anthu amuone.